Ndemanga: pampu ya Zoeller M53 itatha zaka zingapo m'basement mwathu ku South Bend

Pampu iyi, yotulutsa madzi osonkhana pansi pa nyumba, ndinaigula mu March 2018, mtima uli phaphapha, patangotha milungu iwiri madzi atasefukira m'basement mwathu, chipinda chokumbidwa pansi pa nyumba. Kuyambira tsiku limenelo ili m'dzenje lake, ndipo sindinasinthepo kanthu pa iyo. Ndikuiyamikira ndi mtima wonse. Koma abale amene mukufuna kugula, werengani mpaka pansi, chifukwa ndinadzaona kuti pampu imodzi, ngakhale ikhale yabwino chotani, siingatchinjirize nyumba payokha.

Amene munali kuno ku Indiana mu February 2018 mukukumbukira. Sinowo anali ataunjikana, kenako kunafunda mwadzidzidzi, mvula n'kugwa masiku angapo pamwamba pa sinowoyo. Nthaka inali idakali youndana ndi kuzizira, choncho madzi analibe kolowera. Mtsinje wa St. Joseph unakwera mpaka mafiti 12.7, mlingo umene unali usanaonekepo muno mu South Bend. Ife tili kutali ndi mtsinje, ndipo madzi athu sanalowere pakhomo kapena pawindo. Anatumphuka pansi, m'nyumba momwemo.

Ndifotokoze pang'ono kwa amene mwangogula kumene nyumba kuno, poti ine palibe anandiuza. Kumudzi timakumba ngalande kuti madzi adutse kutali ndi khonde. Kuno n'zosiyana. Pansi pa maziko, kuzungulira nyumba yonse, amayala mapaipi obowokabowoka amene amasonkhanitsa madzi a m'nthaka n'kuwatsogolera dala m'kadzenje kamene kali pakona ya basement, kamene amati sump pit. Pampu imakhala m'menemo, kudikira kuti madzi akwere, iwakankhire panja. Ikangoima, dzenjelo limasanduka kasupe.

Pampu imene tinaipeza m'nyumbamu inali yapulasitiki, ndipo swichi yake inali kampira koyandama komangirira ku chingwe. Kampirako kanakodwa pakhoma la dzenje, kanalephera kukwera, pampu n'kukhala chete madzi akudzaza. Amayi a kunyumba ndiwo anatsika m'mawa kukachapa, n'kundikuwira kuti, “Bambo a ana, tabwerani msanga mudzaone kuno!” Madzi anali ofika m'kakolo. Kapeti yense tinataya. Chimene chimandipwetekabe ndi mabokosi atatu a katundu amene tinkasonkhanitsa pang'onopang'ono kuti titumize kumudzi, ndi zithunzi za ukwati wathu zimene zinamatirirana moti sizikanathekanso kulekanitsa.

M53 ndinaisankha chifukwa cha zinthu ziwiri, ndipo pa zonsezo sinandikhumudwitse. Choyamba ndi swichi. Choyandama chake chimakwera ndi kutsika pakandodo koongoka komamatira ku pampu yeniyeniyo, sichiyendayenda m'dzenje, ndiye palibe pokodwa. Madzi akafika pafupifupi mainchesi 7 imayaka, akatsika kufika mainchesi 3 imazima. Ndakhalapo pansi ndi tochi kuionerera mvula ikugwa, ndipo imachita chimodzimodzi ulendo uliwonse.

Chachiwiri ndi thupi lake. Ndi lachitsulo cholemera chija cha miphika yakuda ya miyendo itatu. Mukainyamula mumva nokha. Kulemerako kumathandiza kuti isagwedezeke kapena kupendekeka ikayaka, komanso chitsulocho chimatulutsira kutentha kwa mota m'madzi ozizira a m'dzenje. Pa usiku wa mvula yamphamvu, pamene pampu ikuyaka mphindi ziwiri zilizonse mpaka kucha, zimenezi si nkhani yaing'ono. Imapangidwa ku Louisville, m'chigawo cha Kentucky, ndi kampani imene inayamba mu 1939, ndipo mapulambala a kuno amaidziwa bwino.

Mphamvu yake ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a horsepower, muyeso wa mphamvu ya mota. Ikamakweza madzi mafiti 5 imatulutsa magaloni 43 pa mphindi, omwe ndi malita oposa 160. Pa mafiti 10, omwe ndi pafupifupi msinkhu wa paipi yathu kuchokera m'dzenje kukatulukira pakhoma, imatsika kufika magaloni 34. Ambiri amangoyang'ana nambala yaikulu ya pabokosi, pomwe yofunika ndi ya msinkhu wa paipi yanu. Kwa ife yakwana, sinagonjepo ndi madzi olowa. Timiyala ndi tizinyalala tofika theka la inchi imangodutsitsa. Ndinalipira madola osakwana 200 nthawi imeneyo, ndipo poyerekeza ndi zimene tinataya, ndi ndalama yochepa.

Phokoso lake ndi kung'ung'udza kwapansipansi, kuchipinda sitikumva. Chimene chinkatidzutsa poyamba ndi “gu!” wa check valve, kavalavu koletsa madzi a m'paipi kubwerera m'dzenje pampu ikazima. Kameneko ndinagula padera, kotchipa. Nditasintha n'kuika kamene kali ndi sipuling'i mkati, phokosolo linatha.

Pali kanthu kamodzi poika kamene musakaphonye. Malangizo amati mubowole kabowo ka mainchesi 3/16 pa paipi yotulutsira madzi, pakati pa pampu ndi check valve, mkati mwa dzenje. Munthu ukhoza kuganiza kuti ukuononga paipi yatsopano. Koma popanda kabowoko mpweya umatsekeka m'pampu dzenje likakhala louma nthawi yaitali, ndiye mota imazungulira ndithu koma madzi osatuluka. Ndinabowola moloza pansi kuti madzi othovoka azibwerera m'dzenje momwemo.

Tsopano chimene chandipangitsa kulemba. Chilimwe china kunabwera mvula yamkuntho usiku, mitengo n'kugwera mawaya a magetsi m'dera lathu. Magetsi anathima cha m'ma 11 koloko. Ife a kumudzi kuthima kwa magetsi tinazolowera, timangoyatsa kandulo n'kugona. Kuno ukagona umadzuka basement itadzaza. Ndinatsika ndi tochi, ndinapeza madzi atatsala pang'ono kufika pakamwa pa dzenje, pampu yanga yodalirika ili duu, poti imayendera magetsi ngati pampu ina iliyonse ya mtundu umenewu. Ine ndi mwana wanga wamkulu tinatunga ndi ndowa, kukwera masitepe, kukataya panja, kutsikanso, mpaka magetsi anayaka m'bandakucha. Msana unandiwawa sabata yathunthu. Usiku umenewo ndinamvetsa kuti mkuntho umene umabweretsa madzi ndi womwewo umene umadula magetsi. Nthawi imene pampu ikufunika kwambiri ndi imenenso ingakhale yopanda mphamvu.

Mlungu wotsatira ndinaika pampu yachiwiri yoyendera batire ya 12V, m'dzenje lomwelo, pamwamba pang'ono pa M53. Imayaka yokha madzi akapitirira mlingo wa yoyambayo, kaya chifukwa magetsi athima kaya pa chifukwa china, ndipo imaliza alamu kuti mudziwe. Batire yake si ya galimoto, ndi ya deep cycle, yotha kutulutsa mphamvu pang'onopang'ono kwa maola ambiri. Imakalamba, ndipo yanga ndasinthapo kale kamodzi. Palinso mapampu ena osafuna batire, oyendetsedwa ndi mphamvu ya madzi a pampopi, koma amathandiza okhawo amene amalandira madzi a mzinda. Amene muli kunja kwa tauni ndipo mumamwa a chitsime chanu chopopa ndi magetsi, amenewo si anu. Ndikanadziwa mu 2018, ndikanagula mapampu awiriwa tsiku limodzi, ndipo ndi zimene ndimauza aliyense wobwera kudzandifunsa tikatuluka m'tchalitchi.

Kunja kwa nyumba ndinakonzanso zina zimene zinachepetsa ntchito ya pampu. Mapaipi otsitsa madzi a padenga ankathira pamaziko penipeni, madzi omwewo n'kulowa pansi kukapeza pampu. Ndinawatalikitsa, ndi kuthira dothi m'mbali mwa khoma kuti pakhale potsetsereka kuloza kubwalo. Paipi ya pampu nayonso iyenera kukataya kutali ndi kutsetsereka bwino, chifukwa madzi akatsalira mkati nyengo yozizira amaundana n'kuitseka, pampu n'kumakankha pachabe. Sinowo wathu wochokera ku nyanja ya Michigan amakwirira pakamwa pa paipiyo msanga, ndiye ndikamachotsa sinowo ndi fosholo panjira ndimapitanso kukafukula pamenepo.

Za inshulansi ndinaphunzira mowawa. Inshulansi wamba ya nyumba kuno ku America nthawi zambiri siilipira madzi osefukira m'dzenje la pampu, pokhapokha mutaonjezera gawo limene amati water backup. Ife tinalibe, ndipo kapeti uja tinagula ndi ndalama za m'thumba. Imbani foni mufunse musanaone vuto.

Kusamalira M53 n'kosavuta. Kumayambiriro kwa March ndi kumapeto kwa October ndimathira ndowa ziwiri kapena zitatu za madzi m'dzenje, kuona ngati ikuyaka ndi kuzima bwino. Kenako ndimaizula pa soketi n'kuthiranso madzi kuti ndiyese ya batire ija. Kamodzi pachaka ndimaitulutsa, kuitsuka, ndi kuchotsa matope ndi timiyala pansi pa dzenje. Swichi ndi imene imatha msanga pa mapampu onse a mtunduwu, ndipo ya M53 imagulitsidwa payokha, moti ndinagula imodzi n'kuisunga pashelefu. Mpaka pano idakali m'pepala lake.

Ndikuipatsa nyenyezi zisanu. Mapampu otere ambiri amati amatha zaka pafupifupi 10, ndiye yathuyi ikuyandikira ukalamba, ndipo sindidikira kuti iwonongeke ili pantchito. Yolowa m'malo mwake idzakhala M53 inanso. Mabokosi opita kumudzi tsopano amakhala pa mashelefu achitsulo, mafiti awiri kuchokera pansi, ndipo zithunzi zimene zinapulumuka zili m'chipinda chogona.