Mpira wa volebo wa Mikasa V200W: ndi wabwino zedi, koma bwalo la fumbi sulikonda

Mphunzitsi wa zamasewero akapatsidwa ndalama yogulira zida za volebo pasukulu ya sekondale, maso ake amathamangira pa mpira wachikasu ndi buluu uja, Mikasa V200W. Nzomveka. Ndi mpira wa kampani ya ku Hiroshima ku Japan, bungwe loyendetsa volebo padziko lonse la FIVB limaugwiritsa ntchito pa mipikisano yake ikuluikulu, ndipo ndi umene unaseweredwa pa Olimpiki ya Tokyo 2020. Unalowa m'malo mwa mpira wakale wa Mikasa, MVA200, wa zigamba 8. Uwu uli ndi zigamba 18.

M'manja ndi mpira wokoma. Chikopa chake chili ndi timaenje ting'onoting'ono, choncho ngakhale thukuta likhale chuchuchu, suterereka pa zala za seta, wosewera amene amakwezera anzake mpira kuti aumenye. Ukasevedwa mosauzunguza umagwedezeka m'malere, ndipo apa mpamene wophunzira amakulira: wolandira amakakamizika kusuntha miyendo, kupinda mawondo ndi kufuula "wanga!" nthawi isanathe, apo ayi mpira ugwa pakati pa iye ndi mnzake onse akuyang'anana. Mwana wamanyazi amene sanena kanthu m'kalasi amaphunzira kutulutsa mawu pabwalo chifukwa cha mipira yotereyi. Komanso poti mpirawu ndi wobulungira bwino, akaulandira molakwika amadziwa kuti vuto ndi mikono yake, nkudzikonza. Mpira wopindika umamusokoneza mwana, sadziwa kaya walakwa ndi iye kaya ndi mpira.

Vuto ndi ili: V200W anaupangira bwalo la m'nyumba. Zigamba zake ndi zomata, si zosoka. Pa bwalo la simenti kapena la dothi la timiyala, monga mabwalo ambiri a sukulu zathu, timaenje tija timafufutika msanga, m'mphepete mwa zigamba mumayamba kutukuka, fumbi ndi madzi nkulowa. Ukanyowa umalemera, ndipo mpira wolemera umapweteka zala ndi phewa la wosimasha, amene amaumenya mwamphamvu pamwamba pa ukonde. Kugula mpira wodula chonchi nkumauseweretsa pa fumbi tsiku ndi tsiku ndi kutaya ndalama ya sukulu.

Mipira yambiri imaphedwa ndi kapopedwe. Mpweya woyenera, mukauyeza pa geji, ndi 0.30 mpaka 0.325 kgf/cm², wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa mpira wamiyendo. Koma anyamata akagwira pampu amapopa mpaka mpira uchite gwa ngati mwala. Zotsatira zake mtsikana wa Fomu 1 akaulandira kangapo, mikono imafiira ndi kutupa, amayamba kuuthawa mpirawo, sabata yotsatira sabweranso. Ambiri amene amati volebo imapweteka anayambira pa mpira wopopa mopitirira. Gulani geji yoyezera mpweya pamodzi ndi mpirawo. Ndi kachinthu kotchipa. Singano ya pampu muziinyowetsa ndi dontho la glycerine musanailowetse, ndipo ilowe mowongoka, chifukwa yolowa youma imang'amba valavu, mpira nkumaphwa usiku uliwonse. Osausiya padzuwa kapena pansi pa malata otentha: mpweya umafufuma, guluu nkufooka. Osaumenya ndi mwendo, osaukhalira popuma. Mukatha kusewera, upukuteni ndi kansalu konyowa pang'ono, uumire pamthunzi.

Chenjeraninso ndi mipira yachinyengo, chifukwa yadzadza m'misika ndi pa intaneti, mtundu ndi dzina zofanana ndendende. Pokagula tengani tepi ya telala ndipo pemphani sikelo. Weniweni kuzungulira kwake ndi masentimita 65 mpaka 67, kulemera magalamu 260 mpaka 280. Wachinyengo nthawi zambiri chikopa chake chimanyezimira ngati pulasitiki, mizere yolumikizira zigamba ndi yokhotakhota, ndipo ukauponya m'mwamba mouzunguza umayenda mopendama. Mtengo ukatsika kwambiri, kayikirani.

Ndiye sukulu ichite bwanji? Ngati thumba lilola, gulani V200W umodzi kapena iwiri, muziitulutsa pokonzekera mpikisano kuti ana azolowere kauluka kake asanakakumane nako kwa adani. Ndalama yotsalayo ipite ku mipira yophunzirira yotsika mtengo monga Mikasa V330W, kapena mipira yosoka yopangidwira panja. Kwa ana ongoyamba kumene, Mikasa V345W ndi wopepukirapo, ndipo mtsikana wamng'ono amatha kuuwolotsa ukonde wa akazi, wokwera mamita 2.24, osaphwanya kaimidwe ka thupi. Timu ya ana 12 imafunika mipira yosachepera 6, kuti awiriawiri azipatsirana. Mipira isanu ndi umodzi yapakatikati imaphunzitsa ana mofulumira kuposa V200W umodzi umene gulu lonse likuudikira pamzere.