Injini ya Corvette mu Land Rover ya asilikali: ndemanga yanga patatha miyezi 14

Galimoto imene ndikunena pano ndi Land Rover 110 ya chaka cha 1987, yomwe inatumikira m'gulu la asilikali a dziko la Britain isanagulitsidwe kwa anthu wamba. Ndinaigula ili ndi utoto wake wobiriwira, tenti ya kumbuyo ndi injini yake yoyambirira ya dizilo ya malita 2.5 yopanda turbo. Amene anakulira ku Malawi monga ine akukumbukira Land Rover za apolisi ndi za zipatala zikukwawa m'misewu ya matope nthawi ya dzinja, ndipo chikondi changa pa galimotozi chinayambira pamenepo. Koma kuno ku England injini imeneyi, imene mphamvu zake sizifika horsepower 70, inkandizunza pa msewu waukulu, chifukwa pamene malamulo amalola mamailosi 70 pa ola, ine ndinkafika pa 55 movutikira, malole akuluakulu akundidutsa pachitunda chilichonse.

Nditalingalira kwa nthawi yaitali, ndinapereka galimotoyi ku galaja ina ya m'chigawo cha Midlands kuti aikemo injini ya LS3, ya petulo, ya masilinda 8 ndi malita 6.2, imene kampani ya General Motors inayamba kuika mu Chevrolet Corvette ya 2008. Injiniyi imatulutsa horsepower 430, kutanthauza kuti iposa yakale ija kasanu ndi kamodzi. Popeza thupi lake ndi la aluminiyamu, kutsogolo kwa galimoto sikunalemere monga ndinkaopera, ndipo chifukwa ili ndi camshaft imodzi yokha pakati pa injini, ndi yofupika moti inakwana pansi pa boneti popanda kudula thupi la galimoto. Pa injini yeniyeniyo ndilibe dandaulo ngakhale limodzi: imalira msanga m'mawa wa chisanu, siidontha oilo, ndipo zipangizo zake zimapezeka mosavuta.

Chimene ndikufuna kuti wowerenga amvetse ndi chakuti injiniyo inali gawo laling'ono la ntchito yonse, komanso la ndalama zonse. Galimoto ya asilikali imeneyi inamangidwa mozungulira injini yofatsa, ndiye chitsulo chilichonse kuchokera ku giyabokosi mpaka ku matayala chinayezedwa pa mphamvu zochepa zomwezo. Giyabokosi yakale ya LT77 sikanapirira, choncho anaichotsa n'kuikamo 6L80 ya magiya 6 yosintha yokha, yolumikizidwa ku bokosi la LT230 lomwe limagawa mphamvu ku matayala onse anayi. Bokosi limenelo linali ndi magiya a 1.667, oyenera dizilo yofooka, ndipo anawasintha n'kuika a 1.222 kuti injini isamakuwe pa msewu waukulu. Axle ya kumbuyo ya mtundu wa Salisbury inasiyidwa chifukwa ndi yolimba kwambiri, koma ya kutsogolo, imene mashafuti ake anali ndi mano 10, inalowedwa m'malo ndi ya mano 24 yokhala ndi mashafuti olimbitsidwa. Mabuleki a kumbuyo anali a ng'oma, ndipo amakaniko anakanitsitsa kutulutsa galimoto m'galaja asanaike a disiki. Pa mfundo imeneyi ndimawayamikira kwambiri, ngakhale kuti tsiku limenelo ndinawawidwa mtima ndi ndalama zowonjezera, pakuti galimoto yaitali, yolemera pafupifupi matani awiri, yothamanga ngati ya mpikisano koma yosaima msanga, ndi ngozi kwa ana a anthu ena pamsewu.

Magetsi anadya nthawi yambiri kuposa china chilichonse. Galimoto yanga ndi ya mtundu umene unkanyamula wailesi za asilikali, motero inalinso ndi magetsi a mavoti 24 a wailesizo, pamene kompyuta ya injini ya LS3, masensa ake ndi pampu ya mafuta zimafuna mavoti 12. Anachotsa mawaya onse akale n'kuluka atsopano, anaika pampu ya petulo m'kati mwa thanki, anawonjezeranso chiwongolero chofewa, chimene galimotoyi inalibe. Ntchito imene anati itenga masabata 8 inatenga miyezi 5, ndipo chimene chinandipweteka si kuchedwako koma kuti ndinkayenera kuimba lamya ndekha kuti ndimve pomwe afika.

Pa msewu wa phula kusintha kwake n'kwakukulu zedi. Galimoto imene inkapuma wefuwefu pachitunda tsopano imakwera ikukoka ngolo yodzaza popanda kutsitsa magiya ambiri, ndipo kudutsa lole kwasanduka nkhani ya kanthawi kochepa. Komabe thupi lake likadali la bokosi, lalitali, lolandira mphepo yonse, ndipo ikapitirira mamailosi 70 imayamba kuyendayenda pamsewu, chiwongolero chikupepuka m'manja. Mphamvu zambiri mwa 430 zija sindizigwiritsa ntchito, ndipo pa msewu wonyowa phazi liyenera kukhala lofatsa kwambiri pokhota.

Kutchire, kumene galimotoyi inapangidwira, nkhani yake ndi ina, ndipo apa ndi pomwe wogula ayenera kuganiza mofatsa. Pa njira za dothi loyera loterera za ku Salisbury Plain, kumwera kwa England, ndinapeza kuti dizilo yakale ija inali ndi khalidwe limene sindinkaliwerengera: inkakwawa pang'onopang'ono mu giya yotsika, matayala akugwira nthaka, ine osaponda kanthu. LS3 poyamba inkalumpha ndikangokhudza pang'ono chopondera mafuta, matayala n'kuzungulira pamalo amodzi n'kudzikumbira dzenje. Galaja inakonza zimenezi pa kompyuta, inafewetsa kayankhidwe ka chopondera, ndipo zinthu zinasintha ndithu, koma potsika phiri giyabokosi yosintha yokha siigwira galimoto monga inkachitira yakale, kotero ndimadalira mabuleki kwambiri kuposa kale. Pamene mphamvuzo zimathandizadi ndi pa mchenga wakuya ndi pa chitunda chachitali cha matope, pomwe galimoto imafunika kulowa ndi liwiro n'kulisunga mpaka pamwamba.

Vuto lalikulu ndinakumana nalo ku Strata Florida, njira ya pakati pa Wales imene imawoloka mtsinje kangapo. Amakaniko anaika kompyuta ya injini pansi pa mpando, malo amene madzi amafikamo msanga, ndipo nditawoloka kachitatu injini inayamba kutsokomola n'kuzima. Dizilo yakale, imene pampu yake inali ya makina okhaokha, sinkasamala madzi bola mpweya ukulowera pamwamba. Anzanga anandikoka mpaka pa phula, ndipo galaja inavomera kulakwa kwake popanda kukangana, inasamutsira kompyutayo m'bokosi lotsekedwa bwino kuseri kwa mipando, osandilipiritsa kanthu. Kutentha nakonso n'kofunika kukuyang'anira, chifukwa radiyeta ya aluminiyamu ndi mafani a magetsi zimagwira bwino ntchito zikakhala zoyera, koma matope akauma m'timabowo ta radiyeta muvi wa kutentha umakwera msanga, ndipo ekizozi imaotcha pansi pa mapazi nthawi yachilimwe ngakhale anaikapo zotchingira.

Mafuta ndi monga mmene aliyense angayembekezere. Kale ndinkayenda makilomita pafupifupi 9 pa lita imodzi ya dizilo, tsopano ndimayenda 5 pa lita ya petulo, ndipo kutchire amatsika kuposa pamenepo. Za mapepala, ndinadziwitsa DVLA, ofesi ya boma yolembetsa galimoto, za nambala ya injini, kukula kwake ndi mtundu wa mafuta kuti zilembedwe pa V5C, chikalata cha kaundula wa galimoto, ndipo inshulansi ndinaipeza kwa makampani okhawo amene amalandira galimoto zosinthidwa. Wogula adziwenso kuti galimoto zimene zakwanitsa zaka 40 zimakhululukidwa mayeso a MOT, oona ngati galimoto ili yoyenera kuyenda pamsewu, pokhapokha ngati sizinasinthidwe kwambiri, ndiye yanga idzapitirizabe kuyesedwa chaka ndi chaka ngakhale ikadzafika msinkhu umenewo mu 2027.

Ntchito ya galajayi ndikuipatsa nyenyezi 4 mwa 5, ndipo imodziyo yachoka chifukwa cha kuchedwa kosafotokozedwa ndi malo olakwika a kompyuta. Kuwotcherera kwa zogwirira injini pa chasisi ndi kwaukhondo, mawaya ali ndi zizindikiro zowerengeka, ndipo anandipatsa mndandanda wa chipangizo chilichonse chimene anaika, umene wathandiza kale makaniko wa kufupi ndi kwathu. Kwa munthu wokoka ngolo maulendo ataliatali kusinthaku ndikukuvomereza, bola bajeti yake iyambire pa mabuleki, ma axle ndi radiyeta. Kwa munthu amene ntchito yake ndi ya m'matope ndi m'mitsinje, ndingamulangize injini ya dizilo ya 300Tdi, imene asilikali a Britain eniake anaisankha pa Land Rover Wolf yomwe inalowa m'malo mwa galimoto ngati yangayi.