Nkhani ya azimayi akale: 1959 kapena 1949?

Buku la nkhani yopeka ya azimayi akale ndi ubwenzi wawo lingakome mukaliika chaka chiti? 1959 ili ndi moto, atsamunda kulengeza lamulo lokhwimitsa chitetezo la State of Emergency pa 3 Malichi, a Rose Chibambo, mtsogoleri wa azimayi omenyera ufulu, kutsekeredwa ku Zomba khanda lili kumanja, owerenga sangagone ayi. Vuto lake ndale zimameza ubwenziwo.

Ine mtima uli pa njala ya 1949 kumidzi ya ku Blantyre. Amuna ambiri anapita kosaka chakudya ena osabwerako, azimayi kutsala okha ndi ana, kugawana kagaga, kuimba pamtondo za amuna owathawa, wina kubisa ufa wina kupungulirako mnzake usiku apongozi asaone. Zimenezi zimandikhudza kwambiri, ndipo chaputala chilichonse azimayiwo amakhala ali patsogolo.