Vinyo wotsekemera wa ku Dodoma: ndalawa mabotolo awiri kuno ku Kasungu

Ine ntchito yanga ndi kuphika pa zinkhoswe ndi maukwati kuno ku Kasungu, ndipo nkhani imene imandizunguza mutu nthawi zonse ndi ya chakumwa cha pa tebulo la akuluakulu. Thobwa limakhalapo, zoziziritsa kukhosi zimakhalapo, koma eni mwambo ena amafuna kuti ankhoswe agwireko tambula ya chofiira. Vinyo wa ku South Africa amene timagula ku Lilongwe, alendo ambiri amangonyambita n'kumukankhira pambali, akuti akuwawasa komanso akukhakhala pa lilime ngati nthochi yosapsa. Potsuka ziwiya ndimakhuthula matambula odzaza, mtima n'kumawawa poganizira ndalama za eni ake.

Achimwene anga amayendetsa galimoto yonyamula mafuta kuchokera ku Dar es Salaam, kudzera ku Iringa, Mbeya, pa chipata cha Songwe, Karonga, Mzuzu, Jenda mpaka kuno. Tsiku lina mu Okutobala anaima pa msewu wa M1 n'kundipatsira botolo lokutidwa ndi chitenje.

"Achemwali, mukalawe uyu. Ndi wa ku Dodoma, anzathu kumeneko amamwa yemweyu pa maukwati awo."

Tinamutsegula madzulo omwewo pakhonde, ine, bambo a kunyumba ndi apongozi anga aakazi. Magetsi anali atazima kuyambira m'mawa, choncho botolo linali lofunda ngati madzi a mu ndowa yosiyidwa padzuwa. Mtundu wake unandisangalatsa ndisanalawe n'komwe: wofiira kwambiri ngati madzi a chidede chowiritsa, ndipo nditapendeketsa tambula, vinyoyo anatsika pang'onopang'ono m'mbali mwake ngati uchi wosungunuka. Fungo linali la jambula wakupsa kwambiri, uja wogwa yekha pansi pa mtengo, kuphatikiza kafungo ka masau ouma. Apongozi atalawa anatseka maso.

"Mwana wanga, uyutu akukhala ngati wa pa mgonero uja."

Koma ali wofunda choncho, sanandikome. Shuga anali patsogolo pa zonse, kukhosi kunatentha, ndipo m'kamwa munatsala nthanana yomata imene inandifunitsa madzi. Bambo a kunyumba anathera pa theka la tambula. Ndinatseka botolo, ndipo magetsi atayaka usiku ndinaliika mu firiji.

Mawa lake anali ngati vinyo wina. Kuzizira kunabweza kutsekemera kuja m'mbuyo, ndipo kanatulukira kakuwawasa pang'ono kamene dzulo lake sikankamveka, konga ka bwemba woviika m'madzi. Ndinakazinga mtedza wothira mchere, bambo anabwera ndi kanyenya wa mbuzi wa pa chiwaya wowaza tsabola. Apa ndiye zinagwirizana. Mchere ndi mafuta a nyama zinkadula shuga, vinyo n'kumaziziritsa moto wa kambuzi pa lilime. Ndinayesanso ndi chigumu, koma zotsekemera ziwiri pamodzi zinandikola msanga. Ndi nsima ya usipa musayese n'komwe, fungo la nsomba limakula.

Kutsekemera kumeneku gwero lake ndi dzuwa. Dodoma, likulu la Tanzania, ili pakati pa dzikolo, malo ouma a mvula yochepa ndi dothi lamchenga. Mphesa ikamapsa pa kutentha kotero imadzaza shuga mofulumira, pamene kuwawasa kwake kukuchepa tsiku ndi tsiku. Pofulula, yisiti imadya shugayo n'kumusandutsa mowa, monga momwe thobwa limasasira likagonera masiku. Wofulula akaimitsa ntchito ya yisiti shuga asanathe, vinyo amatsala wozuna. Dzuwa lomweli ndiye chifukwa chake vinyo wa kumalo otentha amakhala wolemera m'kamwa, pamene wa kumalo ozizira amakhala wopepuka ndi wowawasa. Ife a ku Kasungu izi sizachilendo kwenikweni: mango a mu Novembala opsa ndi dzuwa lokhalokha amazuna kuposa aja opsa mvula itakhazikika.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri n'chakuti ku Dodoma amakolola mphesa kawiri pa chaka, cha mu Malichi ndi cha mu Ogasiti kapena Seputembala. Ku Ulaya ndi ku Cape, chigawo cha minda ya mphesa ku South Africa, mpesa umagona nyengo yozizira ndipo umabereka kamodzi. Ku Dodoma kulibe chisanu choti chiugoneke, choncho alimi amautengulira kawiri, nawo n'kuphukanso kawiri. Zokolola za chilimwe ndizo zimakhala ndi shuga wambiri, chifukwa za nthawi ya mvula zimamwa madzi ndipo zimavutika ndi chiwawu. Mbewuyi inafika kumeneko ndi amishoni a Katolika m'zaka za m'ma 1930, ndipo lero kuli mtundu wa mphesa zofiira wotchedwa Makutupora, dzina la malo a kufupi ndi mzindawo. Mawu a apongozi aja sanapite patali ndi mbiri yake.

Ndikamadutsa ku Chinkhoma nyengo yogulitsa fodya, n'kuona alimi atakhala pa mabelo kudikira mtengo umene sakuudziwa, ndimaganiza za dothi lathu lamchenga ndi dzuwa lathu la Okutobala. Kuseri kwa nyumba ina kuno ku boma kuli mpesa wokwera pa mpanda umene umabereka timphesa ting'onoting'ono chaka chilichonse popanda woutengulira kapena kuuthira manyowa. Ana ndi mbalame ndiwo amakolola. Mvula yathu ndi yambiri kuposa ya ku Dodoma, ndipo mpesa sukonda chinyontho pa masamba, koma kuyambira Meyi mpaka Okutobala kumwamba kuno kumakhala mbee. Ndikadakonda kuona alangizi a zaulimi akuyesako ngakhale mizere iwiri yokha.

Pali chenjezo limodzi limene sindingalisiye. Vinyoyu amanyenga. Mowa wamba wa m'botolo mphamvu yake imakhala cha pa 5 pa 100 iliyonse, pamene vinyo ambiri amakhala pa 12 mpaka 14, ndipo ena otsekemera amapitirira apo. Popeza shuga amabisa ukali, munthu amamwa ngati sobo. Mlamu wanga wina anabwera botolo lili kumapeto, anadzithirira tambula yodzaza n'kugugudiza kamodzi, ndipo m'mawa mwake anadzuka ndi matsire a mutu waching'alang'ala. Pa mwambo ndidzathira ndekha, theka la tambula yaing'ono pa munthu, chakudya chili kale pa tebulo. Odwala matenda a shuga ndidzawauza poyera kuti ichi si chawo.

Botolo lachiwiri linandikhumudwitsa, koma vuto silinali la ofulula. Achimwene anachedwa masiku angapo pa chipata, botolo lili kuseri kwa mpando m'galimoto yotentha ngati uvuni. Litafika, pakamwa pake panali pomata, kusonyeza kuti vinyo anafufuma ndi kutentha n'kuchucha. Mtundu unali utayamba kupita ku bulawuni, fungo la jambula litatha, kutatsala la shuga wopserera pansi pa poto. Ndinamuziziritsa usiku wonse koma sanabwerere. Sindinamutaye. Ndinathira kapu imodzi mu nyama ya ng'ombe yofutsa ndi anyezi ndi tomato, n'kuisiya pa mbaula ya makala ochepa kwa maola awiri. Msuzi unatuluka wakuda, wokhuthala, ndipo ana anakombeza poto.

Kwa wokonda vinyo wosatsekemera wa ku Cape, uyu adzamuona wozuna mopitirira. Koma alendo anga ambiri ndi anthu a thobwa la shuga ndi tiyi wa masupuni atatu, ndipo kwa iwowa uyu ndi woyamba amene ndikukhulupirira kuti matambula adzabwerera ku khitchini opanda kanthu. Achimwene akuti ku Mbeya mtengo wake ndi wotsikirapo poyerekeza ndi mabotolo a ku South Africa amene timagula kuno.

Ndili ndi chinkhoswe ku Mtunthama mu Disembala, ndipo mayi a mkwatibwi avomera kuti tiyese mabotolo anayi pa tebulo la ankhoswe, pambali pa mbuzi yootcha. Ndawaimbira achimwene kuti ulendo uno awakulunge m'thaulo lonyowa ndi kuwaika pansi, kutali ndi injini ndi galasi la kutsogolo, ndipo akangodutsa pa Jenda andiimbire ndikawadikire pa msewu ndi bokosi la madzi oundana.