Ruger Mark II yanga, patatha zaka 6 ndikuwombera chandamale ku Santhe

Mfuti imeneyi ndinaigula mu 2018 kwa bambo wina amene ankayang'anira esiteti ya fodya kuno ku Kasungu, pa nthawi imene ankalongedza katundu kuti azibwerera kwawo. Ndi pistol ya Ruger Mark II Target, yodya zipolopolo zing'onozing'ono za .22 LR, ya mpope wonenepa wotalika mainchesi 5.5. Sindinabwere nayo kunyumba tsiku lomwelo ayi. Ndinayamba ndayenda nawo mapepala, kuyambira ku polisi ya pa boma mpaka chiphaso chitatuluka ku likulu lawo ku Area 30 ku Lilongwe, ndipo chaka chilichonse ndimapita kukachikonzetsanso. Amene akuwerenga izi ali ndi maganizo oigula mwamseri, asiyire pomwepa, chifukwa zonse zimene ndinene ndi za munthu amene mfuti yake boma likuidziwa.

Itangofika, mbiri inawanda m'mudzi. Mnansi wanga wina anabwera madzulo ndili pakhonde nati, "Achimwene, ndiye chaka chino akuba fodya m'zigafamu aona zakuda." Ndinawauza kuti alakwitsa, ndipo mpaka lero ndimauza aliyense chimodzimodzi. Mfuti iyi si yolondera munda. Mutu wa chipolopolo chake umalemera magalamu 2.6 okha, ngati njere zitatu kapena zinayi za nsawa m'dzanja. Njovu 263 zija zitabwera ku Kasungu National Park kuchokera ku Liwonde mu 2022, ndipo anthu akufupi ndi malire atayamba kudandaula za minda yawo, wina anadzandifunsa ngati ndingapite kukaziopseza. Ndinakana. Nkhani ya njovu ndi ya anthu a zanyama zakutchire, komanso kamfuti aka kangangoikwiyitsa njovuyo n'kuphetsa anthu. Ntchito yake ndi imodzi basi: kuboola pepala pamalo pamene iwe walozapo.

Komatu kuchepa kwa chipolopolocho kusakupusitseni. Chimapha munthu bwinobwino, ndipo chikaphonya chimatha kuuluka mtunda woposa makilomita 2. Opanga zipolopolo amalemba chenjezo limeneli pa kabokosi. Kuno kwathu, kumene ana amadyetsa ng'ombe paliponse ndipo amayi amalowa m'tchire kukatola nkhuni ndi bowa, ichi ndi chinthu chimene chinandidetsa nkhawa kuposa zina zonse. Poyamba ndinkaganiza kuti chulu chachikulu cha kumunsi kwa munda wanga chikwanira kugwira zipolopolo. Koma chulu chikauma mwezi wa Okutobala chimalimba ngati njerwa yootcha, ndipo tsiku lina ndinamva chipolopolo chikulira mluzu chitanjanja pamenepo kupita kumene sindikudziwa. Mtima unandigunda, ndinapakira zonse n'kubwerera kunyumba. Sabata yotsatira ndinadzaza mchenga m'matumba a feteleza 30, n'kuwasanja mizere iwiri patsogolo pa chulucho. Ndinapitanso kwa a mfumu kukawauza kuti ndiziwombera Loweruka lokha m'mamawa, ndipo mnyamata wanga amaima kunjira ya kudambo kubweza aliyense mpaka nditamaliza.

Tsopano za mfutiyo. Kampani ya Ruger inayamba mu 1949 ku America, ndipo chinthu choyamba chimene William Ruger ndi mnzake Alexander Sturm anagulitsa chinali kholo la pistol yomweyi. Mark II inatuluka mu 1982, ndiye yangayi si yachinyamata. Koma chimene chinandikopa ndi kapangidwe kake. Mapistol ambiri, ukawombera, chitsulo chonse chapamwamba chimathamangira kumbuyo n'kubwerera, pamodzi ndi tizitsulo tolozera. Pa iyi sizitero. Mpope ndi thupi lapamwamba ndi chinthu chimodzi chosasuntha, ndipo chimene chimayenda m'kati mwake ndi bolt yokha, chitsulo chimene chimakankhira chipolopolo mu mpope n'kutulutsa khoko lake. Ndiye kuti tizitsulo tolozera, kakutsogolo ndi kakumbuyo, timakhala pomwepo nthawi zonse. Kuwonjezera apo imalemera pafupifupi kilogalamu 1.2, kulemera kwambiri kuli kutsogolo, moti ikalira sidumpha m'dzanja. Agogo anga anali ndi gogodela imene inkawasiyira chilonda paphewa. Iyi imangokugunda pang'ono ngati mwana wakukodola.

Ndimawombera pa mtunda wa mamita 25, womwe ndi mtunda umenenso amagwiritsa ntchito pa mpikisano wa pistol za .22 ku masewero a Olympic. Chandamale changa ndi katoni, ndipo pakati ndimajambula bwalo lakuda pozunguliza kapu ya tiyi. Ndikatsamiritsa manja pa thumba la mchenga, zipolopolo 10 za m'magazini imodzi, kachitsulo kosungira zipolopolo kolowa m'chogwirira, zimagwera malo oti chivindikiro cha botolo la jamu chingaphimbe. Ndikaimirira, dzanja limodzi, nkhani imasintha, ndipo apa ndi pamene ndinaikondera mfutiyi. Simanama. Ukakoka kachitsulo kowombera mothamanga, bowo limatuluka pansi chakumanzere. Ukagwira mpweya nthawi yaitali mpaka dzanja kuyamba kunjenjemera, mabowo amamwazika ngati chimanga chofesa nkhuku. Chaka choyamba ndinkangopotokola tisikuluwu ta kachitsulo kakumbuyo, kuganiza kuti vuto lili pamenepo. Mkulu wina amene anapuma ntchito ya usilikali, amene amabwera nthawi zina kudzaonerera, anandigwira paphewa nati, "Bambo, musiyeni sikuluwuyo. Diso liyang'ane kachitsulo kakutsogolo, katoniyo ioneke mwachimbuuzi, ndipo chala chikoke pang'onopang'ono mpaka mfuti ilire inu musakuyembekezera." Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Zinanditengera miyezi kuti chala chimve, koma chitamva, bwalo lakuda lija linayamba kung'ambika pakati.

Kulira kwake ndi kwakuthwa kuposa mmene anthu amaganizira, chifukwa mpope ndi waufupi ndipo uli pafupi ndi nkhope. Ndimavala zotseka m'makutu ndi magalasi nthawi zonse. Makoko a zipolopolo amatuluka akutentha chakumanja, ndipo limodzi linandigwerapo m'kolala ya malaya. Ndikamaliza ndimawatola onse, kuwawerenga, n'kulemba m'kabuku. Khoko ukalisiya pansi, mawa ulipeza m'kamwa mwa mwana akuliyimba ngati wezulo.

Pa zipolopolo ndiye pali mutu waukulu. Kuno ku Kasungu sungazipeze, umayenera kupita ku Lilongwe kwa wogulitsa wovomerezeka utanyamula chiphaso chako, ndipo umagula zimene wazipeza tsikulo, osati zimene ukufuna. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wake unakwera moti ndinachepetsa, pano ndimawombera kabokosi kamodzi ka 50 pa Loweruka, nthawi zina theka. Zimene mfuti yanga imazikonda ndi CCI Standard Velocity, zimayenda bwino ndipo zimagwera pamodzi. Ulendo wina ndinagula zina zotchipa za m'chibokosi chachikulu, dzina sinditchula, ndipo pa magazini iliyonse chimodzi kapena ziwiri zinkakana. Zipolopolo za .22 zilibe kabatani pakati ngati zazikulu zija. Mankhwala oyatsira wonga amakhala m'mphepete mwa khoko kuzungulira, ndipo kansonga ka mfuti kamamenya m'mphepetemo. Ngati mankhwalawo sanafike mbali zonse, umangomva kuti "thi" basi. Zikatero usathamangire kutsegula. Ndimaloza ku matumba a mchenga konko, kuwerenga mpaka 30, kenako ndikutulutsa. Nthawi zambiri ukachitembenuza kuti kansonga kamenye pena, chimalira.

Zipolopolo zimenezi ndi zauve, ndipo izi ndi za mtundu uliwonse. Mutu wake ndi mtovu wopakidwa phula, ndipo wonga wake umasiya mwaye wambiri. Phula, mwaye ndi fumbi la ku Kasungu la mwezi wa Seputembala zikasakanikirana zimapanga phala lakuda limene limamata pankhope ya bolt ndi pansi pa kambedza kotulutsa makoko. Ikafika pamenepo mfuti imayamba kutsamwa: khoko limatsakamira pakhomo, kapena chipolopolo chatsopano sichilowa mpaka kumapeto. Yanga imayamba zimenezi ndikadutsa zipolopolo 300 osaitsuka. Mankhwala ake ndi mswachi wakale, kansanza koyera, ndi mafuta a mfuti pang'ono. Ndikuti pang'ono. Chaka choyamba ndinkaithira mafuta ngati tcheni cha njinga, ndipo fumbi lonse la m'munda linkathera m'menemo. Pano ndi kadontho mbali iyi ya bolt, kadontho mbali inayo, n'kupukuta. Mafuta a mfuti akandithera ndimabwereka a makina osokera a mayi akunyumba, koma ophikira musayese, amauma n'kukhala ngati ulimbo. Mpope ndimautsukira chakumbuyo kuti ndisakande kukamwa kwake, chifukwa kukamwako kukawonongeka chipolopolo chimatuluka mopendekeka. Ndipo ndikamaliza ndimasamba m'manja ndi sopo ndisanagwire nsima, chifukwa mtovu ndi poizoni wolowa m'thupi mwakachetechete.

Nyengo ya dzinja mdani wake ndi dzimbiri. Yanga ndi yachitsulo chakuda, osati chosachita dzimbiri chija, ndipo chaka china mu Febuluwale ndinaisiya m'kachikwama kake kansalu masabata atatu, potsegula ndinapeza timadontho tofiira pamene zala zinagwira. Chichokereni pamenepo imagona m'sefu yopanda chikwama, yopukutidwa ndi kansanza ka mafuta, magazini atachotsedwa, zipolopolo zili m'bokosi lina lokhoma, ndipo makiyi sachoka m'thumba mwanga.

Chimene aliyense wofuna Mark II ayenera kudziwa asanapereke ndalama ndi kumasula ndi kumanganso. Kumasula n'kosavuta. Umachotsa magazini, kuona ndi maso kuti mulibe chipolopolo, kukoka chowombera, kenako kutsegula kachitsulo kali kumsana kwa chogwirira n'kutulutsa chigawo chimene muli sipuling'i yaikulu. Bolt imatuluka yokha chakumbuyo. Kubwezera ndiye kumafuna kudziwa. M'kati muli kanyundo, ndipo pa kanyundoko palendewera kamwendo kakang'ono kofunika kugwera ndendende pamutu pa sipuling'i ija. Tsiku loyamba ndinayamba itangokwana 7 koloko madzulo pa tebulo lodyera, magetsi atazima, tochi ya foni ili kukamwa. Ndikatseka, bolt imakana kubwerera mpaka kumapeto. Nditsegulenso, nditsekenso, chimodzimodzi. Mayi akunyumba anabwera kawiri kudzati, "Bambo, nsima yazizira." Ndinagona isanatheke. Safunsa anadya phula: m'mawa mwake ndinaimbira foni mkulu wa usilikali uja, ndipo anandilongosolera mwachidule. Ulozetse mpope pansi ndi kukoka chowombera kuti kanyundo kagwere kutsogolo, ulowetse chigawo cha sipuling'i chija m'bowo lake, kenako ulozetse mpope kumwamba kuti kamwendo kalendewere kumbuyo kokha, ndiye utseke. Ukamatseka uzimva sipuling'i ikukana pang'ono chakumapeto. Ngati yatsekeka mofewa popanda kukana, kamwendo kaphonya, yambiranso. Palibe pofunika nyundo kapena mphamvu. Pano ndimamanga m'mphindi ziwiri, koma manja anaphunzira movutikira.

Tina tating'ono: magazini imatulukira pa kachitsulo kali pansi pa chogwirira, ndiye pamafunika manja awiri, zimene pa chandamale sizisowetsa mtendere. Kudzaza magazini kumapweteka chala chachikulu chifukwa cha kabatani ka m'mbali kamene umakokera pansi. Ukafika pa magazini yachisanu chala chimakhala chitafiira. Chogwirira chake ndi chopendekeka kwambiri, kwa ine chimandikhala bwino, koma mphwanga amene ali ndi manja aakulu amati chimamuchepera.

Ndingaiyamikire kwa ndani? Kwa munthu amene ali ndi chiphaso, ali ndi malo otetezeka oti chipolopolo chikathere mu mchenga, ndipo amakonda kukhala pansi kupukuta chida chake monga mmene mlimi amanolera khasu. Kwa wofuna chitetezo cha pakhomo, ndalamazo agulire mpanda, agalu ndi nyale za sola. Kwa amene akufuna kuphunzira kuwombera molunjika, sindikudziwa mphunzitsi wina woleza mtima ngati ameneyu, chifukwa sakuopseza ndi kukankha, ndiye cholakwa chako chimaonekera poyera pa katoni.

Mu 2016 Ruger inatulutsa Mark IV, imene imamasuka pongodina batani limodzi kumbuyo, thupi lapamwamba n'kutseguka ngati chitseko. Ndinaigwirapo ya mnzanga ku Lilongwe ndipo ndinaisirira, makamaka nditakumbukira usiku wa tochi uja. Wogula koyamba amene ndalama zikumulola, atenge imeneyo. Ine yangayi sindisintha. Chimene ndikusaka pano ndi kambedza kotulutsa makoko kapadera ndi kasipuling'i kake, chifukwa kamene kalipo kayamba kutha kunsonga, ndipo Loweruka lapitali makoko awiri anatsalira m'kati, ndinachita kuwakokera kunja ndi chikhadabo.