Kubwereketsa malo odyetsera ng'ombe: pakamwa kapena papepala?

Munthu akabwera kuzapempha kuti ng'ombe zake zizidya pamalo anu njira zilipo ziwiri, kungomvana pakamwa kapena kulemberana pangano lokhala ndi mboni komanso chidindo cha amfumu.

Pakamwa: sipatuluka ndalama, mwamvana lero mawa ng'ombe zalowa.
Papepala: pamafunika kanthawi ndi kangachepe, mukapita kwa loya ndiye mtengo umakwera ndithu.

Nkhani imavuta ng'ombe zikadutsa malire nkukadya mbewu za neba kudimba, kapena imodzi ikathyoka mwendo mdzenje la pamalo anu, apa zapakamwa aliyense amakumbukira zomukomera ndipo mlandu wake umatha ubale. Papepala mumalemberatu zonse, ng'ombe zingati, kuyambira mukakolola mpaka mvula yoyamba, zikaononga alipire ndani, m'busa ndi wa ndani, malipiro ndi ndalama kapena ndowe. Ineyo za ndowe ndimazikonda kwambiri, chonde chimabwerera mmunda.

Zapakamwa zimayenera achibale, mbuzi zochepa, masabata awiri atatu zikudya mapesi. Koma likakhala khola lonse, malo a lizi, kaya munthu wa mudzi wina, lemberanani basi ndipo aliyense asunge pepala lake.