CMake 3.16, 3.22 kapena 3.28, tilembe iti pamzere woyamba uja?

Anzanga olemba C++, mzere uja wa cmake_minimum_required, wonena version yotsikitsitsa yovomerezeka ya CMake (chida chokonzera build, kutanthauza kusandutsa code kukhala pulogalamu yoyenda), ambiri timangokopera kuchoka ku pulojekiti ina osauganizira, chonsecho ndi umene umasankha kuti ndani apange build bwinobwino ndipo ndani aone error asanayambe nkomwe. Kagulu kathu kuno ku Kasungu tili ndi pulogalamu yolembera makilo a soya, mtedza ndi chimanga pamalo ogulira mbewu, ndiye imafunika iziyenda pa Windows mu ofesi pa boma, pa malaputopu otopa a Ubuntu ku Santhe ndi ku Chamama, pa ka Raspberry Pi kolumikiza ku sikelo, komanso mmodzi mwa ife amalembera pa MacBook. Mkangano wathu uli pa manambala atatu.

3.16 ndi imene imabwera ndi Ubuntu 20.04, ndipo oikonda amati tisasiye munthu kumbuyo. Mtima umenewo ndimaumvetsa, komanso siyosauka ayi, precompiled headers ndi unity build zinayambira pomwepo. Koma CMakePresets.json, fayilo yosungira ma setting a build okonzeratu (ma preset), siyiidziwa, ma preset anabwera pa 3.19, ndiye mumakhala ndi malangizo awiri mu README, ena a anthu a CMake yatsopano ena a yakale, ndipo akalewo ndi amene amayamba kuiwalika. Chinanso 20.04 chithandizo chake chaulere cha masiku onse chinatha mu 2025, sindikuona chifukwa choti tizidzimanga manja chifukwa cha system yoti tikuyenera kuichotsa kale pa makompyuta amenewo.

3.28 ndiyo ya Ubuntu 24.04, achinyamata athu akuifuna chifukwa cha ma module a C++20. Apa tifatse pang'ono abale. CMake payokha siyikupatsani ma module, pa Linux pafunikanso Ninja (chida choyendetsa build) 1.11 kupita m'mwamba ndi compiler (chomasulira code) yowadziwa, ku GCC ndiye kuti 14, pomwe 24.04 yemweyo mukangoika imakupatsani GCC 13. Ndiye mwakweza nambala, mwatsekera kunja Debian 12 ndi Raspberry Pi OS ya Bookworm zimene zili pa 3.25, mwatsekeranso onse a 22.04, koma chinthu munachifunacho simunachipezebe. Amayankha kuti aaa nanga vuto lili pati, munthu angolemba pip install cmake basi wapeza yatsopano, ndipo ndi zoona, CMake ndi chida chosavuta kukweza kuposa zonse. Kwa munthu wa MacBook ndi Homebrew kapena wa Visual Studio yomwe imabwera ndi CMake yakeyake nkhaniyi siimukhudza nkomwe. Koma taganizirani mnzathu ali kumudzi nthawi yogula mbewu, netiweki ikubwera ikupita, bandulo ndi ya m'thumba mwake, magetsi angathime nthawi iliyonse, akufuna angokonza kachinthu kamodzi n'kupanga build, ife n'kumuuza kuti ayambe wadawunilodi zida, pamapeto pake pa kompyuta pali ma CMake awiri ndipo PATH, mndandanda wa mafoda omwe kompyuta imafufuzamo mapulogalamu, ikusankha yolakwika, alimi ali pamzere ndi matumba awo.

Ine ndaima pa 3.22. Ndi ya Ubuntu 22.04 yomwe chithandizo chake chikufika 2027, Debian 12 ili pamwamba pake ndiye ka Pi kaja kakulowa popanda kukhudza kalikonse, ma preset alimo, generator ya Visual Studio 2022 inalowa kale pa 3.21, ma Mac a Apple Silicon ankadziwika kuyambira ma 3.19, ndipo tsiku lina tikadzafuna app ya pafoni, Android SDK nayo ili ndi 3.22.1. Chimene chimandipweteka kuchitaya ndi FIND_PACKAGE_ARGS ya mu FetchContent (gawo la CMake lokokera ma library pa intaneti), inabwera pa 3.24, imapangitsa kuti ayambe wayang'ana ngati library ili kale pa makina asanaikoke pa intaneti, kwa ife osunga data ndi chinthu chabwino kwabasi. Koma mizere ingapo ya find_package ndi if imagwira ntchito yomweyo.

Kalembedwe kake musaike nambala imodzi yokha, lembani 3.22...3.31, ndi madontho atatu pakati. Yoyambayo ndiyo malire apansi, yachiwiriyo ikuuza CMake yatsopano kuti ma policy, malamulo a kachitidwe kake omwe amasintha ndi version, mpaka pamenepa tinawayesa, iwagwiritse ntchito. Amene mumasiya 2.8 kapena 3.1 poganiza kuti nambala yaing'ono ndiye kukoma mtima dziwani kuti CMake 4.0 ya mu March 2025 imakaniratu pulojekiti yolemba zochepera 3.5, ndipo nthawi zambiri yokugwetsani si fayilo yanu koma ka library kakale komwe munakokera mkati. Kodutsira kwakanthawi ndi -DCMAKE_POLICY_VERSION_MINIMUM=3.5.

Malire ovuta kwenikweni ali ku compiler. Mukasankha 22.04 mwasankhanso GCC 11, ndiye std::format iwalani kaye poti inafika pa GCC 13, ife tikukhala pa C++17 ndi library ya fmt. Palinso glibc, library ya C yomwe mapulogalamu a pa Linux amadalira: pulogalamu yopangidwira pa 24.04 mukaitengera pa fulashi kukaika pa 22.04 imatha kukana kutseguka ponena kuti GLIBC yake palibe, pomwe yopangidwira pa yakale imayenda pa yatsopano, choncho build yopita kuminda izichokera pa makina akale kwambiri mwa amene mwalonjeza.

Ndipo nambalayo iziyesedwa. Ngati tonse tili ndi CMake yatsopano pa malaputopu athu, wina adzalowetsa command ya 3.25 mu fayilo yolembedwa 3.22 ndipo kwa iye idzadutsa phee, CMake siyimuchenjeza. Ife taika job imodzi mu CI (makina oyesa build okha code ikatumizidwa) yoyenda mu container ya ubuntu:22.04 ndi cmake ya mu apt momwemo, ikafiira code siyilowa mu main.